Fumbi la M'chifuwa cha Bambo

"Munthu wafa kale, mukufunanso kumucheka ngati mbuzi?" anatero achimwene ake a Mzime, akukankha pepala lovomereza kupima mtembo patebulo la dokotala.

Mzime analiwakha lisanagwe pansi. Linali tsiku lachiwiri chimwalirireni bambo awo, thupi likadali kumotchale. Amayi anakhala pakati pa ana awo awiriwo, atafumbata jumbo ya zovala za malemu.

"Tingotapa kanyama kochepa m'mapapo," anatero dokotala. "Zithunzi zinaonetsa madzi ndi chotupa, koma anatisiya tisanapime. Ndikukayikira khansa yobwera ndi fumbi la asibesitosi wopangira malata."

"Kufakitale ya malata anachokako zaka makumi awiri zapitazo!" anatero achimwene.

"Fumbi limeneli silipupuluma, bambo. Limagona m'chifuwa zaka zambirimbiri, kenako n'kudzuka."

Mzime anakumbukira bambo akuweruka ali mbuu ngati wapachigayo, ana akuthawa uku akuseka, "Mzukwa wabwera!"

"Achimwene, tidziwe chomwe chawapha."

"Ukadziwa, auka? Abale adzaza pakhomo, bokosi lafika. Ndikawauze chiyani? Iwe ndiwe mwana, khala chete."

"Mwana yemweyu ndi amene ankawatembenuza pabedi miyezi inayi, inu mukungoimba foni."

Achimwene anadzambatuka, mpando n'kugunda khoma.

"Khala pansi," anatero amayi, mawu ali pansipansi. "Bambo anu sanalowe n'komwe m'manda, mwayamba kale kudyana?"

Dokotala anatsegula fayilo. "Malemu eni ake anavomera sabata yatha kuti tidzawapime, koma sindigwira thupi popanda inu. Anatinso ndikupatseni ichi."

Chinali chikatoni cha mankhwala chong'ambidwa, mkati mwake molembedwa ndi pensulo, zilembo zopendama. Achimwene anachitenga monyinyirika n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Mukapeza kuti ndi fumbi, awanso muwapime."

M'munsi munali mayina khumi ndi anayi, oyambirirawo a anzawo ocheka nawo malata, lililonse ndi kokamupeza mwini wake: kuseri kwa msika, amasoka nsapato padepoti, funsani mkazi wake. Atafika pomaliza, achimwene analeka kuwerenga. Anasiya chikatonicho, nakoka pepala la dokotala.

"Ndisayine pati?"

Mzime anasendera kuti aone. Dzina lomaliza linali la amayi, lodulidwa mzere kawiri kunsi kwake, pensulo itachita kuboola katoni. Pambali pake bambo analemba kuti: "Yambani ndi uyu. Ankandichapira ovolosi, osadandaula."