Manambala Atatu a Alamu

Mwamuna wake atamwalira, mayiyo anatsala ndi garaja, makina opalira zitsulo, ndi mlamu wapakamwa. Kwa zaka khumi, iye ndi malemuwo ankapala tizitsulo Loweruka lililonse, kungosangalatsa manja basi. Tsono mmawa wina mlamuyo, mng'ono wa malemu, anatulukira ndi lole kudzanyamula makinawo.

"Alamu, izi zingokulemetsani," anatero pamaso pa dalaivala wa lole. "Munthu wamkazi kuyeza kwake n'kwa nsalu. Taonani changachi." Anasolola choyezera cha batire, choonetsa manambala atatu kumanja kwa kadontho. "Chimaona ndi tsitsi lomwe ichi. Chanu chopotokola chija n'cha makedzana."

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Kusekako kunamupweteka mayiyo, ndipo analumbira chamumtima kuti mlamuyu lero amva m'bebe.

"Chabwino," anayankha mayiyo mofatsa. "Nali gudumu, bowo lake ndi mamilimita khumi. Aliyense apale kachitsulo kolowa mmenemo. Amene kake kagwire osagwedera, makina ndi ake."

Mlamu anavomera msangamsanga, n'kupita kulole kukavala ovolosi. Choyezera anachisiya patebulo. Mayiyo anamasula kansalu ka mafuta momwe ankasungamo kachitsulo kotsimikizira zoyezera, ka mamilimita khumi ndendende, n'kukayeza ndi choyezera cha mlamucho. Manambala anati 10.085. Anabwereza, yankho lomwelo. Chinthucho chinkanama mosaphethira, bodza lake mpaka manambala atatu! Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wabwino akanamuuza mnzake, koma tsiku limenelo mayiyo ubwino anali atausiya m'nyumba. Anachibwezera pomwe chinali.

Mlamu anapala akuimba mluzu, kuyeza, kupalanso, mpaka anakuwa: "Khumi, kadontho, ziro zitatu! Mwaona?"

Mayiyo anapala kake pang'onopang'ono, akupotokola choyezera chake chakale chija mpaka chitalira kuti tche tche.

Dalaivala ndiye anayesa. Ka mayiyo kanalowa ndi kukankha kwa chala chachikulu n'kugwira kuti nga. Ka mlamu kanangodutsa m'bowomo, kugwa pansi, n'kugubuduka mpaka kunsi kwa kabati.

"Bowoli lakula!" anatero mlamu.

"Ndi lomwelija, bambo," anayankha dalaivala, akusekanso, koma tsopano atayang'ana kwina.

Mlamu anagwada n'kutola kachitsulo kake, fumbi lili mbuu m'maondo. Anakayeza katatu konse, manambala osasuntha. Chitsulo ukachipala sichimeranso, ndipo makina anali atamupulumuka. Nkhope itagwa, anafunsa motsitsa mawu:

"Alamu, inu mumazidziwa izi. Kapena chili ndi vuto choyezerachi?"

Mayiyo anachilandira, n'kuchipukuta bwinobwino ndi kansalu. Anaganiza za zitsulo zonse zimene mlamuyo adzawononge m'zaka zikubwerazo, mtima wake n'kuzizira bwino.

"Ayi, alamu, n'chabwino kwambiri," anatero akumubwezera ndi manja awiri. "Muzichikhulupirira."