Tsiku Limene Dzina la Smith Linatuluka M'chipala

Apongozi anga, a Osbert, anali ndi mutu wouma kuposa zitsulo zimene ankasula. M'mudzi mwathu, kumpoto kwa Mangalande, munthu ankatchedwa ndi ntchito ya manja ake. Wokhoma migolo anali Cooper, wophika buledi anali Baker, ndipo iwo, poti ankasula zitsulo m'chipala mwawo, anali Smith. Dzinali ankalinyadira ngati anachita kulisula okha.

Tsono mwamuna wanga Ranulf, mwana wawo mmodzi yekhayo, anataya nyundo n'kuyamba kuweta nkhosa. Bambo ake anasiyiratu kumulankhula. Akafuna kumuuza kanthu ankauza ine, mwiniwake ali pomwepo.

"Avice, umuuze mwamuna wakoyo kuti ndikadzafa, dzina langa adzalikwirire pamodzi ndi mvukuto. Iye ndi Shepherd tsopano, mbusa. Za Smith zatha."

Zinkandiwawa, sindinama, komanso zinkanditopetsa. Ine ndinakwatiwa kuti ndikhale mkazi wa munthu, osati mthenga.

Pa chionetsero cha nkhosa chaka china, msika unadzaza mpaka kusowa poponda. Ine ndinali ndi khanda m'manja, apongozi ali pambali panga nkhope ili ndwii. Wolengeza, Wymond, anakwera pamwamba pa ngolo.

"Nkhosa yamphongo yopambana ndi ya Ranulf Shepherd!"

Amuna atatu, wanga ndi ena awiri, anadumpha nthawi imodzi! Kwathu a Ranulf anali mbwee, ndipo atatu onsewa anali abusa. Onse anakagwira mgolo wa mowa umene unali mphoto.

"Choka iwe, nkhosa yako ndi mafupa okhaokha!"

"Nanga yakoyo? Ndi mmbulu womwe unaikana!"

Zibakera zinatsala pang'ono kuyamba. Wymond anakuwa mpaka mitsempha kuoneka pakhosi.

"Tatontholani! Ndikunena wa kuchipala uja. Ranulf Smith!"

"Smith wake uti?" anafunsa mayi Sibley, wofulula mowa. "Ameneyo sangawongole ndi msomali womwe!"

Wymond anati, "Zilibe kanthu, mayi. Ndi mwana wa Smith, nayenso ndi Smith basi. Kapena mukufuna anthu aphane?"

Anthu anafa nacho chiseko, kenako msika wonse unayamba kufuula: "Smith! Smith! Smith!" Anyamata anamunyamula Ranulf pamapewa, zipewa zikuuluka, agalu akuuwa. Ine ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Apongozi anandigwira mkono. "Akuitana ine?"

"Ayi bambo, mwana wanu."

"Wopanda nyundo uja?"

"Yemweyo."

Anayang'ana khanda lija. "Nanga kameneka?"

"Nakonso, bambo. Ngakhale katadzakhala kamsodzi."

Eee, nkhalamba ija inauyamba ulendo! Inalowa m'chigulu muja ikukankha anthu ndi zigongono, ine ndikuithamangira pambuyo. Itafika kutsogolo sinayamikire munthu. Inangogwira belu limene linali m'khosi mwa nkhosa ija n'kuligwedeza, maso ali jenjee ndi misozi.

"Iwe Ranulf! Anasula chinthu ichi ndani? Nkhosa ya Smith singavale zamanyazi zoterezi. Ubwere nayo mawa kuchipala."

Ranulf, mwachizolowezi, anatembenukira kwa ine kudikira kuti ndimuuze zimene bambo ake anena.

"Ukuyang'ana ine bwanji?" ndinatero. "Akulankhula ndi iwe."