Nthambi ya pa Mphambano

Mwamuna wanga Foster anali munthu wosakhala pansi. Titatsikira kuno ku chigwa kuchoka kwathu ku Katete, anayamba ndi nkhuku zoyera, zonse zinatha ndi kutentha kwa Mfuwe. Anayesa kukonza njinga, zitsulo zake zikadali kuseri kwa nyumba. Kenaka anabwera ndi nzeru ina: kuyendetsa anthu wapansi. Akuti alendo odzaona nyama, ogona m'maloji, amangokwera magalimoto kukaona mikango, palibe wowaonetsa zitunda za kum'mawa ndi midzi yakale ya Akunda. Ine ndinaseka mpaka misozi. Munthu wanzeru zake angadzuke m'mawa kukafuna kutopa dala?

Koma anthu anapezeka. Oyamba anali manesi ndi aphunzitsi ochokera kutali, Alozi ndi Abemba, otopa ndi kukhala m'nyumba za boma Loweruka lonse. Foster anapangana ndi a Onesmus, mlonda wa nyama wa m'mudzi, kuti azitsogolera ndi mfuti. Ine ntchito yanga inali mpunga ndi nkhuku, zoti alendo akadyere ku mudzi wa kumapeto kwa njira.

Tsikulo tambala anandipulumuka m'manja, tinathamangitsana naye mpaka kwa aneba. Pamene ndinkamusosola n'kuti alendo atafika kale, atavala zipewa zawo.

"Amake Becky, ife tinyamuke dzuwa lisanakwiye," anatero Foster. "Mutipeza. Pa mphambano paliponse ndizikutsekerani."

Mawu amenewo sanandivute. Kwathu ku mtunda, munthu ukatsogola ndipo mnzako akubwera m'mbuyo, umathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka chopingasa pa njira imene sunadzere. Wobwerayo akaona nthambi amadziwa kuti uku n'kotseka, alowere kwinaku. Tinakula nazo popita ku madimba ndi ku maliro, palibe anasocherapo. Za njovu Foster anali atandilimbitsa mtima kuti nyengo yotentha zimakhala ku mtsinje. Malo amodzi okha anawapatula: bwinja lina la m'munsi mwa chitunda, pamene panali mudzi kalekale. Mwezi wa Novembala mango a pamenepo amapsa, ndipo eni ake amakhala njovu.

Ndinasenza beseni, ndinakwera njinga yamoto mpaka pa sukulu pamene njira imayambira. Ndisaname, dziko lija n'lokongola. Ukakwera chitunda umaona china kutsogolo, kenaka chinanso, minda ya thonje yososedwa kale, timidzi tobisala m'mitengo. M'mbali mwa minda munali zingwe zolendewera nsanza zopaka oyilo ndi tsabola zoingitsira njovu, fungo lake lolowa mpaka kukhosi. Pa mphambano yoyamba ndinapeza kanthambi ka Foster, kodula ndi mpeni, katagona bwinobwino. Pa yachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Pa mjigo wa mudzi wina amayi anandilonjera.

"Muli bwanji, mayi? Muli nokha?"

"Anzanga ali kutsogoloku," ndinayankha ndisanaime n'komwe. Mayi wina anaoneka ngati akufuna kunena kanthu, koma ine mpunga unali kuzizira. Safunsa anadya phula.

Mphambano yachitatu inali m'nkhalango ya tsanya, kopanda nyumba ngakhale imodzi. Njira ya kumanzere inkakwera, ya kumanja inkatsika. Pa yokwerayo panagona nthambi yaikulu, masamba ake obiriwira. Ndinati mumtima, bambo uyu lero wachita changu, wathyola mtengo wathunthu kuopa kuti mkazi wake ndi wakhungu. Ndinalowera kumanja.

Ndinayenda ndithu, njira ikungotsika. Chimene chinayamba kundidabwitsa n'chakuti pansi panalibe mapazi a nsapato. Anthu onse aja angadutse osasiya chidindo? Kenaka ndinapeza nthambi ina pakati pa njira, pamalo popanda mphambano. Patsogolo pake ina. Kenaka zambirimbiri, mbwee, mitengo itasendedwa makungwa. Ndinatsitsa beseni, ndinatola imodzi. Kumapeto kwake kunali kotafunidwa, konyowa ndi malovu. Foster amadula ndi mpeni. Nthambi ya pa mphambano ija inali yokhadzulidwa, ulusi wake uli lende, ndipo ine ndinaiona ndi maso angawa koma osaganiza.

Amene anatseka njira yabwino ndi njovu, ndipo kanthambi ka Foster ziyenera kuti zinakakankhira kutchire.

Thupi lonse linachita tsemwe. Pambali panga panali mulu wa ndowe, ntchentche zisanaupeze n'komwe. Ndinatulutsa foni, netiweki panalibe. Ndinati ndibwerere, koma kumbuyo kwanga, kumene ndinachokera, mtengo unalira kuti phwaa! Sindinathamange. Ndinasenzanso beseni, sindidziwa chifukwa chake, ndinapitirira kutsika ndili nyang'anyang'a.

Nkhalango inatha, ndinatulukira poyera. Mitengo ya mango ikuluikulu, zipatso zili mbwee pansi, fungo la zoola. Mphero yakale itakwiririka theka, mapale a miphika, milu ya dothi pamene panali nyumba. Palibe anachita kundiuza kuti ndafika pa bwinja lija. Ndinafuna kulira, koma ngakhale kulira ndinakuopa.

Pakati pa bwinjalo panali mlambe wokhala ndi mphako, khomo lake lopapatiza. Ndinasiya beseni pansi, ndinadzipanikiza cham'mbali mpaka ndinalowa. M'katimo munali mdima ndi fungo la mileme. Ndinakhala tsonga, nsana ku khoma, maso pa kampata kaja.

Zinabwera mwakachetechete. Chinthu chachikulu chotero, koma phazi lake silimveka. Ndinangoona chinthu chotuwa chikudutsa pa kampata, mwendo ngati mtondo, kenaka wina. Zinalipo zingapo, ndi kamwana kamene kankayenda pansi pa mimba ya make. Makeyo anali ndi mnyanga umodzi. Anafika pa beseni langa, analigubuduza ndi chitamba, mapoto anachita phokoso, iye anabwerera m'mbuyo makutu ali tambalale. Ndinaluma chitenje kuti mano asagundane. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ena ndinangoyamba osamaliza. Mkodzo unatsika wokha, sindinachite nawo manyazi.

Patapita nthawi zinadekha, zinayamba kutola mango. Ndinayamba kuganiza kuti ndikangokhala chete mpaka zikhute, zichoka, ine ndipulumuka.

Pamenepo ndi pamene ndinamva mawu kumtunda.

"Amake Becky! Amake Becky, uuu!"

Anali Foster. Ataona kuti sindikufika, anasiya alendo ndi a Onesmus ku mudzi, anabwerera yekha, manja ali pululu. Pa mphambano anaona mapazi anga. Tsopano ankatsika njira ija akukuwa ngati akuitana mbuzi.

Njovu zonse zinaleka kutafuna. Ya mnyanga umodzi inakweza chitamba m'mwamba, inatembenukira ku njira, kamwana kanalowa pakati pa miyendo yake.

"Esnati! Mayi inu, yankhani!"

Mawu anali kuyandikira. Iye sakanaziona mpaka atatuluka m'nkhalango, ndipo potuluka akanagwera pamphumi pake penipeni. Ndikakhala chete, ine ndili bwino m'mphako mwanga, koma mwamuna wanga akulowa mu imfa akutchula dzina langa. Ndikakuwa, zidziwa pamene ndili. Ndinaganiza za Becky, mwana wathu, amene ndinamusiya kwa aneba akusewera. Ndikunena zoona, kanthawi kena ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinkaopa kufa.

"Esnati!"

Ndinachotsa manja.

"Njovu! Atate ake Becky, njovu! Bwererani!"

Kulira kumene inalira sindidzakuiwala. Mileme yonse inandiwulukira kumaso. Nthaka inagwedezeka, kampata kaja kanada bii, mlambe wonse unachita thii. Chitamba chinalowa, chonyowa kunsonga, chikufwenkha uku ndi uku. Ndinadzikanikiza ku khoma mpaka khungwa linandilowa mu nsana. Chinandikhudza bondo, chinagwira nsonga ya chitenje, chinakoka. Ndinamasula mfundo, chitenje chinapita.

Ndinali nditamuuza kuti abwerere. Mwamuna wina aliyense wanzeru akanabwerera. Koma ndinamva mapazi akuthamangira konkuno, ndi mawu ake atasasa: "Iwe! Iwe! Bwera kuno! Msiye!" Ankamenya m'manja, ankaponya miyala. Chitamba chinatuluka, kuwala kunabwerera. Ndinamva kuthamanga kolemera, tchire likuthyoka, kenaka kugunda kumodzi, ngati thumba la chimanga lagwa pa lole.

Kenaka zii.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yotani. Ndinamva kamwana kakulira chapatali, zinzake zikuyankha ndi mawu a m'mimba, phokoso likunka lichepa cha ku dambo. Ndinatuluka chokwawa. Ndinatola chitenje changa m'fumbi.

Ndinamupeza m'kangalande kuseri kwa mitengo ya mango, atagona chammbali. Mwendo umodzi unapindika pamalo posapindika. Magazi ankatuluka m'mutu, kutsikira m'khutu. Maso anali otsegula.

"Muli bwino?" Iye ndiye anandifunsa ine.

"Chitsiru inu," ndinatero ndikulira. "Ndinati bwererani. Simumva Chinyanja?"

Anayesa kuseka, nkhope inakwinyika ndi ululu. Ndinayang'ana ku dambo. Mango anali akadali ambiri pansi, ndipo eni ake sanakhute. Kumusiya pamenepo kuti ndikaitane anthu sindikanatha. Ndinamanga mutu wake ndi duku langa, ndinamukhazika tsonga iye akubuula, ndinagwada kutsogolo kwake, ndinamukokera kumsana. Ndinamumanga ndi chitenje monga ndimaberekera Becky. Mwayi wake Foster ndi wowonda, ndipo ine ndasenza mabokosi a tomato moyo wanga wonse.

Tinayamba kukwera. Mapazi ake ankakhukhuluzika pansi, mwendo wothyokawo ukagunda mwala ankalira m'khutu mwanga. Kulirako ndinkakukonda, chifukwa kunkandiuza kuti alipo. Tsamba likagwa ndinkaima kumvetsera ngati zikubwera.

"Lankhulani," ndinamuuza.

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Nditukwaneni kaya."

Ananena za ludzu. Ananena kuti alendo adya chiyani tsopano. Kenaka mawu anayamba kutalikirana. Mutu wake unalemera pa phewa langa, manja amene anandigwira pakhosi anamasuka, anayamba kulendewera.

"Atate ake Becky."

Ndinamugwedeza ndi phewa.

"Foster! Musandichite zimenezo. Mwana ndikamuuza chiyani?"

Ndinayesa kumva mpweya wake pakhosi panga, koma thukuta ndi kupuma kwanga zinandisokoneza. Kumutsitsa kuti ndimuone kumaso ndinaopa. Ndikapeza kuti wapita, ndikanakhala pansi pomwepo osadzukanso. Ndiye ndinangoyenda, ndikumukalipira njira yonse, kumuuza za ndalama zanga zimene sanandibwezere, za mpunga wanga wotayika, za denga lodontha limene analonjeza kukonza mvula isanagwe.

Kumtunda kunamveka mapazi. Ndinaima, ndinatseka maso, ndinati basi zabwera. Koma anali a Onesmus, mfuti m'manja, ndi mmodzi wa manesi aja, mayi wamtali dzina lake Monde, akuthamanga.

"Mutsitseni, mayi, timuone," anatero nesiyo.

"Ayi."

"Mayi, tsitsani."

"Ayi! Muoneni pomwepo. Ine sindingathe. Ingondiuzani."

Anazungulira kumbuyo kwanga. Ndinamva akusuntha mutu wa Foster, zala zake zikufufuza pakhosi. Ndinayang'ana mfuti ya a Onesmus, ndinayang'ana nyerere zikuwoloka njira. Nesiyo sanafulumire.

"Alipo," anatero. "Mtima ukugunda. Masulani chitenje."

Ndinayesa. Zala zinakana kutambasuka pa mfundo, mpaka a Onesmus anachita kuzitsegula chimodzichimodzi.