Timangenjeza pa Nthambo

Amuna anga a Jagtar atatuluka m'chipatala ku Ludhiana, anabwera ndi kachipangizo m'munsi mwa phewa lakumanzere, kodzidzimutsa mtima ukasokonekera. Adokotala anawaloleza kubwerera ku ntchito yawo yowotcherera mageti, koma ndi malamulo. Ndinawalemba onse: mphamvu ya makina ikhale yochepa, magolovesi ouma, nthambo ziwiri za makinawo azipote pamodzi, ndipo zisayandikire pachifuwa. Zikayandikira, kachipangizoko kangasokonezeke n'kuwamenya magetsi pachabe.

Lomalizali ndilo linkandidetsa nkhawa. Zaka khumi ndi zisanu a Jagtar akhala akukoleka nthambo paphewa asanayatse moto, lakumanzere lomwelo. Dzanja limachita lokha.

Nthambozo ndinaziluka ndekha monga ndilukira tsitsi la mwana wathu Harleen. Kenako ndinayamba kuima pakhomo la khitchini, lomwe limayang'ana kogwirira ntchito, mwana ali m'chiuno. Roti, zigumu zathu zopyapyala za ufa watirigu, zinkapserera tsiku ndi tsiku.

“Alamu, mwalembedwa upolisi?” anatero a Balkar, akulu awo omwe amagwira nawo ntchito. “Ife tiziphedwa ndi makala mukutidyetsawa, osati mtima!”

Tsiku lachinayi ndinavula Harleen timangenjeza ta m'miyendo n'kutimangirira pa nthambo, kuti akainyamulira kuphewa tizilira.

“Mayi a Harleen, ndasanduka mbuzi kodi?” anafunsa a Jagtar.

“Mbuzi imamva. Timangenjezati tikangolira, makinawa ndiwakhomera m'chipinda.”

Timangenjezato tinalira tsiku lomwelo. Ndinathamanga, manja ali ufa okhaokha. Ndinawapeza ataima chilili, nthambo ili m'malere, isanafike paphewa. Anaiyang'ana ngati agwira njoka, n'kuitsitsa pang'onopang'ono.

“Sinakhudze,” anatero.

“Ndaona.”

Madzulo ake anawotcherera kambedza pa tebulo, kudzanja lamanja, kokolekapo nthambo. Sabata ziwiri zinadutsa kuli zii. Ndinabwerera ku moto wanga, ngakhale khutu limodzi linatsala pakhomo.

Ndiye Lachisanu lina, ngwe ngwe ngwe! Ndinakhazika mwana pansi n'kutuluka liwiro.

Makina anali ozimitsa. Nthambo ili pa kambedza pake. A Jagtar atakhala pa chitini, akuigwedeza ndi chala cha kuphazi, a Balkar akubisa nkhope m'chipewa chowotcherera, mapewa akunjenjemera ndi phwete.

“Chavuta n'chiyani?”

“Tiyi, mayi a Harleen. Taona kuti belu ili simuchedwa nalo.”

Ndinawaponyera kansalu ka m'khitchini. Tiyi ndinawapatsa ndithu, koma wopanda shuga. Timangenjeza tikadali pomwepo.