Mayi wa Mapasa

Mlembi anapeza mkulu wake atakhala pakhonde, akupukuta masanzi pachifuwa cha mwana wake. Pawindo panali botolo lofiira la mankhwala a chifuwa, litafika pakati.

Botolo limeneli ankalidziwa bwino. Kampani yopanga mankhwalawo inali kasitomala wa ofesi yawo, yomwe ntchito yake inali kukometsa mbiri ya makampani pamaso pa anthu. Mu Januwale, bwana anamuuza kuti masiku ano anthu sakhulupirira zotsatsa za pawailesi, amakhulupirira mnzawo. Choncho Mlembi, yemwe analibe mwana, anatsegula tsamba pa intaneti n'kudzitcha Mayi wa Mapasa. Anawapatsa mayiwo msana wowawa, mwamuna waulesi, ndi ana awiri amene anachira ndi botolo lofiira. Mu Meyi madandaulo anayamba kufika ku ofesi: ana akusanza, ena akutupa mapazi. Bwana anati nkhaniyo ithere m'chipinda momwemo.

Mlembi anagwira phazi la mwanayo. Chala chinasiya kadzenje.

"Achemwali, mankhwala awa musiye. Tiyeni naye kuchipatala."

"Udokotala wauyamba liti, iwe wolemba zikwangwani?" anaseka mkulu wakeyo. "Ana a Mayi wa Mapasa anachira nawo. Ubereke kaye, ndiye uzitiphunzitsa."

"Mayi amenewo kulibe. Amalemba zimene zija ndine."

"Iwe? Woti thewera sudziwa kutsogolo kwake? Dikira ndiwafunse eni ake."

Mkulu wake akulemba ndi chala chimodzi, Mlembi anatulutsa foni yake. Ankadziwa kuti akachenjeza anthu m'dzina la mayiwo, ntchito yatha. Anayesabe. Tsamba linakana kutseguka. Anaimbira bwana.

"Eya, mawu achinsinsi tinasintha Lolemba, ndinaiwala kukuuza," anatero bwanayo, akutafuna china chake. "Mayi uja tsopano akumuyendetsa ndi makina a kompyuta. Anaphunzira zonse zimene unalemba. Sadwala, sapempha tchuthi, nthabwala amakuposa. Uzinyadira, wakula mwana wako."

Mlembi asanatsitse foni kukhutu, ya mkulu wake inalira. Mkuluyo anawerenga yankholo mokweza, pang'onopang'ono, ngati mawu a m'tchalitchi.

"'Pepani mayi mnzanga. Anganso anachita choncho, ndinachapa mpaka msana kukana. Ndi thupi likuzolowera. Musadumphitse.'" Anakweza maso. "Wamva? Iwe uli pompano ukulongolola ndi bwana wako. Ndiye walemba nthawi yanji?"

Mlembi anayang'ana uthengawo. Mawuwo anali ake ndithu, mpaka malo opumira.

Anatenga botolo pawindo n'kulikhuthulira m'ngalande. Madzi ofiira anayenda pang'ono, dothi n'kuwamwa.

Mkulu wake sanakalipe. Anamuyang'ana mwachisoni, mmene anthu amayang'anira wodwala mutu. Kenako anasamutsira mwana paphewa lina, mutu wa mwanayo uli lende, n'kuimba foni.

"Bambo ake, pobwera mudzere kogulitsa mankhwala. Ee, ofiira omwe aja. Mufulumire, nthawi yomwetsa yakwana."