Galu wa Apongozi

"Mayi, ndanena kale. Nkhuku timanyamula, njinga timanyamula, koma chilombo ichi ayi," anatero kondakitala atatchinga khomo la basi ndi mkono.

Iyi inali basi yachitatu kuwakana. Mayi Singano, telala wa mumsika amene anthu anawapatsa dzinali chifukwa chochepa thupi, anabwerera pabenchi akukokedwa ndi galu. Galuyo anali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, waubweya wofiirira, ndipo ankagwedezera mchira aliyense, ngakhale kondakitala amene anangomutukwanayo.

Galuyo sanali wawo. Anali wa apongozi awo aamuna, amene anafa ziwalo mbali imodzi mwezi wapitawo. Itatuluka m'chipatala, nkhalambayo inakakhala kwa mwana wake wamkazi m'tauni ina, ulendo wa maola anayi, galu n'kutsala. Dzulo lake, amuna a Mayi Singano, omwe anali komweko kudwazika matenda, anaimba foni.

"Bambo akukana kudya, lero ndi tsiku lachitatu. Zoyankhula zawo sizikumveka, koma dzina la galu lokha akulitchula bwinobwino. Chonde, bwerani naye."

Mayi Singano analumidwapo ndi galu ali mwana, moti zaka khumi ndi ziwiri zonse ali pabanjapo anali asanamukhudzepo uyu ngakhale khutu. Koma anavomera.

Pafupi ndi benchiyo panali bambo wadazi wosoka nsapato, amene zonsezi ankaziona.

"Mayi, taonetsani manjawo," anatero.

Chingwe chopyapyala chomwe anamangira galuyo chinali chitawatupitsa zikhatho. Bamboyo anapukusa mutu, natulutsa lamba wakale wachikopa m'bokosi lake. Anamudula pawiri, gawo lina analisoka kukhala lapakhosi, linalo chogwirira. Pamene anawerama kuti ayese pakhosi pa galu, galuyo anamunyambita dazi lonse kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

"Ee! Ndasamba kawiri lero! Dzina lake ndani mkuluyu?"

"Kadontho."

"Kadontho? Ngati kadontho kake ndi aka, mvula yake ikadzabwera tidzathawira kuti?"

Anthu onse apafupi anafa nazo nseko. Mayi wina wogulitsa malalanje anakhuthula malalanje ake pathumba, nathira madzi m'beseni n'kuikira galuyo. Kadontho anamwa mpaka kunyambita pansi pa beseni. Mayiyo atafunsa za ulendowo, Mayi Singano anafotokoza zonse.

"Musalire, achemwali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero wamalalanje. "Mchimwene wanga ndi dalaivala, ndipo akubwerera komweko masana ano wopanda katundu. Koma mulimba mtima?"

"Ngakhale ikhale thirakitala, ndikwera."

Wamalalanje anaimba foni. Pasanathe theka la ola, panaima galimoto yaitali yakuda, yamakatani oyera m'mawindo. Phokoso la pamalo okwerera basi linachita ngati lazima. Inali galimoto yonyamula maliro.

Munatuluka bambo wamtali wa suti yakuda, navula chipewa, napereka moni. Anafotokoza kuti anabweretsa maliro m'mawa womwewo, ndipo tsopano ankabwerera kuntchito.

Mayi Singano anagwira pakamwa. "Ine ndikupita kwa odwala. Si malodza amenewa?"

"Mayi, zaka makumi awiri ndikuyendetsa galimoto imeneyi, palibe wokwera anadandaulapo," anatero dalaivalayo nkhope ili phee. Kenako anamwetulira. "Ndiloleni lero lokha ndinyamuleko opuma."

Iwo akadaganizabe, Kadontho anali atadumphira kale kumbuyo n'kugona chotambalala ngati bwana. Wosoka nsapato anawakwezera chikwama, wamalalanje n'kuwaponyera malalanje anayi pamiyendo. Mayi Singano atapisa dzanja m'kachikwama kawo kuti alipire, onse awiri anawakaniza ndi manja.

Atayenda pang'ono, Mayi Singano anamva chinthu cholemera ndi chofunda chikutsamira paphewa pawo. Unali mutu wa Kadontho. Mayi Singano anauma thupi lonse.

"Musiyeni," anatero dalaivala. "Wamva kuti mtima wanu suli m'malo."

Pakati pa ulendo anaima pansi pa mtengo kuti galu awongole miyendo. Dalaivala anatulutsa buledi amene anatenga kuti adye panjira, naugawa patatu. Kadontho atameza gawo lake, ananyambita dzanja la bamboyo, chala chimodzichimodzi. Dalaivala anangoliyang'ana dzanjalo kwa kanthawi.

"Mukudziwa, mayi, anthu ambiri dzanja langali amalipewa. Ena akandiona amawoloka msewu. Sindiwadandaula, amandidziwira pa tsiku lowawa. Koma uyu alibe nazo ntchito."

Mayi Singano anachita manyazi, pokumbukira kuti nawonso moni uja anangomuyankhira patali. Atakweranso, mutu uja utabwerera paphewa, anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuyamba kuukanda kuseri kwa khutu. Ubweya wake unali wofewa kuposa nsalu iliyonse imene anasokapo.

Anafika dzuwa litapendeka. Mayi Singano analoza nyumba ya chipata chobiriwira kumapeto kwa msewu, koma dalaivala anakhotera kuseri kwa sitolo n'kuzimitsa injini.

"Ndikutsitsani pano. Pakhomo pali odwala, galimoto iyi siyenera kuonekera. Anthu angayambe kulira zisanachitike, odwalawo n'kumva."

Mayi Singano zimenezi sanaziganizire n'komwe. Anagwira dzanja la bamboyo ndi manja awo onse awiri, osalisiya msanga.

"Pitani, mayi, mnzanuyo wanunkhiza kale mbuye wake."

Zoonadi, Kadontho anali akulira chapansipansi, mphuno ili m'mwamba. Anawakoka msewu wonse, nakankha chipata ndi chifuwa, nadutsa amuna a Mayi Singano ndi alamu awo aakazi pakhonde osawalabadira, mpaka kuchipinda chakumapeto.

Apongozi anali chigonere, ataonda, maso ali kudenga. Chigalu chija, chimene tsiku lonse chinkagwetsa anthu ndi chimwemwe, chinafika pabedi mwakachetechete n'kuika chibwano pachifuwa pawo. Dzanja lawo lamoyo linakwera, nililowa mu ubweya. Misozi inatsikira m'makutu.

Milomo yawo inavutika kwa nthawi, kenako mawu anatuluka.

"Wa... wadya?"

Alamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Mayi Singano anawatsogolera.

"Wanenetsa kuti sadya, bambo. Akuti ayambe ndinu."

Nkhalambayo inawayang'ana, mbali imodzi ya nkhope ikuyesa kuseka. Alamu anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbale ndi supuni. Koma atayandikira, apongozi anapukusa mutu, naloza ndi chibwano mkazi wa mwana wawo.

Mayi Singano anakhala m'mphepete mwa bedi, fumbi la ulendo likadali kumapazi, natunga supuni yoyamba. Apongozi anayasamula.