Belu la Mayi Tibbet

Sabata yonse yomaliza ya Okutobala, anthu a ku Marlcott ankanong'onezana nkhani imodzi: akuti a Enos Tibbet adzaliza belu la tchalitchi akazi awo akangotsirizika. Pamzere wa shuga kusitolo inali yomweyo, pampope yomweyo. Ngakhale atsikana a m'tauni amene anabwera kudzalima kwa a Garland, osadziwa n'komwe kuti a Tibbet ndi ati, ankaikamba pokumba mbatata. Ndipo ndinene poyera, nkhaniyo inatuluka pakamwa panga pano, ine Dulcie Frape.

Komatu ndinangouza munthu mmodzi basi.

Chiyambire chaka chatha, 1940, mabelu ngoletsedwa. Belu likalira ndiye kuti Ajeremani atera. A Tibbet akhala akuliza lathuli zaka 43, ndipo pamaliro analibe mnzawo. Akafa mwamuna, katatu maulendo atatu. Akafa mkazi, kawiri maulendo atatu. Kenako zaka za malemuyo, chimodzichimodzi, pang'onopang'ono. Anthu kumunda ankavula zipewa n'kumawerenga, belu likasiya wina ankati, "Ndi agogo uje amenewo." Lamuloli litabwera, anthu asanu ndi awiri apita chetechete.

Ine ndimapereka mkaka kwa a Tibbet m'mawa uliwonse. Mayi Keziah Tibbet anagona ndi chifuwa kuyambira nthawi yokolola tirigu, ndipo bedi lawo analiika pawindo loyang'ana nsanja ya belu. Lachiwiri la sabata imeneyo ndinali kukhitchini kwawo kutsanula mkaka. Chitseko chinali chotsekula, makutu ndiye satsekeka, nditani?

"Inu a Enos," ankatero mayiwo, "a Moule anapita ngati mphaka. Anthu akumalire anamva patatha masiku awiri. Ine musandichite zimenezo."

"Mukufuna andimange, Kez?"

"Akakumangani mukadya bwino kusiyana ndi zopsereza zanuzi. Mwalizira mudzi wonse, mpaka chidakwa chija chinagwera m'ngalande. Ine mkazi wanu ndipite ngati ndaba?"

"Ka 68 ndi mapewa angawa? Ndikutsatirani tsiku lomwelo."

"67, nkhalamba inu! Mukandiwonjezera chaka ndidzuka."

Anaseka mpaka mayiwo anatsamwa. Kenako a Tibbet anatulutsa kiyi wa nsanja amene amamangirira m'khosi, n'kumuika m'dzanja la akazi awo. "Ndidzaliza," anatero. Apa sanaseke, anangomubwezera kiyiyo m'khosi.

Abale, nkhani yotere n'kuisunga? Ndinauza Queenie Stroud, mnzanga wogulitsa m'sitolo, ndipo ndinamulumbiritsa kaye. Queenie anauza amayi ake okha. Chimene ndinaiwala n'chakuti amayi a Queenie ndi akulu awo a mayi Hoskin, akazi a wapolisi wathu.

Lachisanu a Hoskin anafika pa njinga ndi loko watsopano, wamkulu ngati chibakera, n'kumukhoma pachitseko cha nsanja. Theka la mudzi linali pampanda. Inenso ndinalipo, kumbuyo kwenikweni. A Tibbet anabwera ndi ndodo yawo, osathamanga.

"Iwe Cyril," anatero kwa a Hoskin, "ndinaliza belu pa ukwati wa amako. Lero wandikhomera?"

"Bambo Tibbet, ndimakulemekezani. Koma mukaliza, a ku Fenny Cross aliza lawo, a kutsidya lawonso. Pofika masana chigawo chonse chili m'misewu ndi mfuti."

"Belu la maliro ndi belu la nkhondo n'zosiyana. Mwana aliyense amadziwa."

"Asilikali a kukampu si ana a kuno. Ndipo a Garland ndi gulu lawo lolondera, mwawaona mmene amagwirira mfuti? Aombera wa makalata."

"Tinangoombera ng'ombe imodzi!" anakuwa a Garland. Ena anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. A Tibbet anangoyang'ana lokoyo, kenako anayang'ana anthu mmodzimmodzi. Atafika pa ine sanadutse msanga. Tsiku lija m'nyumba mwawo munalibe wina koma ine.

Kunyumba amayi anandilandira ndi chipande m'manja. "Lokoyo akanakhoma pakamwa pakopa, mwana wopanda manyazi iwe. Sukulu unalephera, koma kufalitsa nkhani ndiwe mphunzitsi wamkulu."

Ndinayesa kukonza, musaganize kuti ndinangokhala. Ndinapita kwa abusa. Anandipatsa bisiketi, n'kuvula magalasi, n'kunena kuti lamuloli lachokera kutali, iwo alibe nalo mphamvu. Ndinapita kwa a Hoskin, ndinawapeza akupopa njinga.

"Kamodzi kokha, bambo Hoskin. Ine ndizungulira nyumba zonse kuwauza anthu kuti si Ajeremani."

"Zoti ungafike nyumba zonse sindikukayika," anatero. "Koma ukanati usayankhule, Dulcie, ine ndikanangomva belu n'kudabwa nawo. Tsopano ndikudziwa. Munthu ukadziwa, sungachitenso ngati sukudziwa."

Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kwambiri. Ndinabwerera ndikulira mumsewu wonse, agalu akundiyang'ana.

Chodabwitsa n'chakuti mudzi wa miseche ngati wathu unasunga chinsinsi. Palibe anauza mayi Tibbet za loko. Pawindo pawo nsanja imaoneka pamwamba pokha, chitseko chimabisika ndi mtengo. Lolemba, a Tibbet ali panja kudyetsa nkhuku, mayiwo anandikodola, n'kundigwira dzanja. Dzanja lawo linali lopepuka ngati kamtengo kouma.

"Dulcie, iwe umadziwa zonse za m'mudzi muno. Anthu akubwera kudzandiona akumayang'ana pansi. A Enos kiyi uja akadali naye?"

Kiyi analidi m'khosi mwa a Tibbet. Kungoti sankatsekulanso kanthu.

"Ali naye, agogo," ndinatero.

"Eya. Ndiye udzawerenge nawo. Amasokoneza akadutsa pa 50, ndiye amangopitiriza mwaulemu ngati palibe chachitika."

"Ndidzawerenga."

"Usalire, ukudonthezera mumkaka."

Anamwalira Lachitatu, cha m'ma naini m'mawa. Nkhani inafika kumunda msanga, ulendo uno osati ndi ine. Amene analiko akuti anthu anaima ndi mafoloko okumbira mbatata m'manja, maso kunsanja, ngakhale onse ankadziwa za loko. Kunangomveka akhwangwala ndi ndege imodzi patali. A Tibbet anapita pachitseko paja, anaimapo mwina theka la ola, kiyi ali m'manja. Abusa ndi amene anakawatenga.

Tinaika maliro Loweruka, kukuwaza kamvula. Abusa atatseka buku, anthu anayamba kutembenuka. A Tibbet anavula chipewa, n'kuchipereka kwa ine, osandiyang'ana. Analavulira m'manja monga amachitira nthawi zonse. Kenako anakweza manja, n'kugwira chingwe chimene panalibe, n'kukoka.

Kawiri. Anadikira. Kawiri. Anadikira. Kawiri.

Kenako anayamba zaka. Ankawerama mpaka m'mawondo, n'kulola chingwecho chiwakwezenso, n'kudikira kuti mawu a belu athe kaye. Palibe anachoka. Amuna amene anali atavala zipewa anavulanso, a Hoskin nawonso. Kunali zii, kupatula mvula pamaambulera ndi kupuma kwa nkhalambayo. Ine ndinkawerenga ndi milomo. Pa 52 anaima, maso ali mwaa, ndipo ndinanong'ona, "53, bambo Tibbet." Anapitiriza.

Atatha anatenga chipewa chawo.

"Zingati?"

"67."

"Sindinawonjezere."

"Ayi."

"Koma sanamve ngakhale limodzi," anatero. Anayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Mkaka uziusiya pageti."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Tsopano papita milungu itatu. Ndimasiya mkaka pageti, nthawi zina ndimaupeza wadzulo uli pomwepo. Loko wayamba dzimbiri. Queenie akuti ndisadzizunze, nkhondo ndiyo yolakwa, koma Queenie sanagwidwe dzanja Lolemba lija. Za loko ndikudziwa kuti ndinalakwa, palibe chofunsa. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chinachi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuulula zosafunika, ndiye tsiku limodzi limene munthu anandifunsa mwachindunji, ndinabisa. Mayi Tibbet anapita akumwetulira, akudikira belu limene ine ndinkadziwa kuti silidzalira.

Inuyo mukanakhala pambali pa bedi lija, dzanja lawo lili m'dzanja lanu, mukanawauza za loko?